Bilimankhwe naye ali pa ulendo

Mvula yoyamba ikangogwa mu November, mseu wa m'mawa umakhala ndi nkhani zake. Inu amene mukonda mpando wa kutsogolo pafupi ndi adalaiva mudziwa zimene ndikamba. Pa tala pamakhala tinthu takuda tophwatalala, kena apa kena apo, makamaka pamene mseu wadutsa pa malo otsika. Si matope iyai. Ni acule amene anayesa kuoloka usiku. Pofika 9 koloko akhwangwala amakhala atatola zawo, matayala atapela zotsala, ndipo mseu umaoneka ngati palibe cinacitika.

Ndakwela mabasi a mu Lusaka kwa zaka zambili, a ku Chelstone, a ku Bauleni, a ku Chilanga, ndipo pa windo ndaona zambili zogona pa tala: acule, abilimankhwe, njoka, akadzidzi, ndi fulu wosweka cigoba ngati mbale yadothi. Agalu ndi amphaka sindiwaikamo m'nkhani ino, amenewo ali ndi eni ake owalilila. Ndikamba za tunyama twa m'thengo tumene tukali kukhala nafe m'tauni muno, ngakhale kuti ambili a ife tiganiza kuti nyama zili cabe ku Munda Wanga ndi ku Luangwa.

Ndidziwa kuti wina pa mpando wa kumbuyo wayamba kale kung'ung'udza. Unga wadula, mtengo wa basi sutsika, malaiti ni apo ndi apo, ndiye munthu atiuze za cule? Mwakamba zoona bakamba. Koma sindikupemphani ngwee olo imodzi, ndipo sindipempha basi iliyonse kuima. Zimene ndikamba zicitika pa mtunda uja umene timayenda ndi miyendo, kucoka pa geti kufika pokwelela basi, ndi pobwelela madzulo.

Tiyambe ndi funso limene anthu amafunsa akaona cule pakati pa Great East Road: afuna ciani pamenepo? Lusaka inakhala likulu la dziko mu 1935, ndipo inamangidwa pa malo athyathyathya, pamwamba pa mwala wa laimu, pakati pa madambo. A ku Kanyama ndi ku Misisi safunika kuuzidwa kuti madzi a mvula amakonda kuima pa malo ano. Lelo tili opitilila 2 miliyoni mu mzinda uno. Ku Chalala, ku Salama Park, ku Silverest, kumene lelo kuli nyumba zokhazokha, akulu akumbukila kuti kunali mafamu ndi thengo osati kale kwambili. Tunyama tumene tunali kumeneko situnasamuke. Cule amakhala miyezi ya cilimwe atabisala pansi pa miyala kapena m'nthaka, ndipo mvula ikabwela amanyamuka kupita ku thamanda kukaikila mazila. Thamanda lija likali pamene linali, kungoti manje pakati pa iye ndi madziwo padutsa mseu. Kuonjezela apo, malaiti a mumseu amakoka inswa, inswa zimagwela pa tala, ndipo acule amazitsatila monga mmene ife timathamangila ndi mabeseni. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timaona motoka ikubwela.

Ndiye pali mipanda yathu ya mabuloko. Yendani mu komboni iliyonse yatsopano muone: mpanda kugundana ndi mpanda, kucoka pa kona kufika pa kona. Kanyama kamene kafuna kucoka pa pulote iyi kupita pa ina kalibe podzela. Njila yotseguka yatsala imodzi cabe, ndiyo ya mamotoka.

Pa tunyama tonseti amene andimvetsa cifundo kwambili ni bilimankhwe, amene ena amati nanzikambe. Mulungu anam'panga kuti azikhala m'mitengo. Zala zake ni zogwilila nthambi, ndipo kayendedwe kake kaja kopita kutsogolo n'kubwelela pang'ono, ngati nkhalamba yoganiza kawili, kamam'thandiza kuoneka ngati tsamba logwedezeka ndi mphepo kuti mbalame zisamuone. Mumtengo nzelu imeneyi igwila nchito. Pa tala siigwila. Basi yoyenda makilomita 60 pa ola imadya pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Bilimankhwe amafuna mphindi zingapo kuti aoloke mseu wa mizele iwili cabe, ndipo akamva kugwedezeka kwa nthaka sathawa, amaima, amafufuma, n'kutsegula kamwa kuti aopseze Rosa yodzaza ndi anthu.

Satsika pansi popanda cifukwa. Nyengo ya mvula amuna amayendayenda kufuna akazi, ndipo mvula ikamapita kumapeto wamkazi amatsika kukafuna dothi lofewa, amakumba dzenje, n'kuikilamo mazila makumi angapo. Mazilawo amakhala m'nthaka miyezi yambili, ana n'kudzatuluka mvula ina itabwela. Conco mukaona bilimankhwe wonenepa mimba akuvutika pa mseu mu March kapena April, dziwani kuti tayala likam'ponda silinaphe mmodzi.

Vuto lake lalikulu ni mbili imene tinam'patsa. Tonse tinakula ndi nthano ija yakuti Cauta anatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzauka, koma iye anacedwa m'njila, buluzi n'kumupitilila ndi uthenga wa imfa. Kumudzi ana ena anali kumuika fodya m'kamwa kuti afe, ati kumulipilitsa mlandu umenewo. Enanso amati ali ndi poizoni, ena amati akakuluma sataya. Zoona zake n'zakuti bilimankhwe alibe ululu uliwonse. Akakwiya amada, amafwenthela, ndipo angakulume ngati wam'finya, koma kuluma kwake sikuposa kutsinidwa ndi mwana. Cimene amadya ni nchenche, ziwala ndi tudoyo tumene tumationongela lepu m'dimba.

Munthu amene anandionetsa njila yabwino yom'thandizila ni amai ena ogulitsa cimanga coocha pa Leopards Hill Road. Basi yathu inaima kudikila anthu, ndipo bilimankhwe anali atatsika kale pa mphepete pa tala, mwendo umodzi uli m'mwamba. Amaiwo anathyola kanthambi, anayang'ana uku ndi uku, n'kukaika patsogolo pake. Kondakita anakuwa ali pa citseko: "Mami, osagwila ico cinthu, cili na poizoni!" Iwo anayankha osaceuka n'komwe: "Iwe mwana wanga, nanga nacigwila? Cakwela ceka. Naco cili pa ulendo monga iwe." Anadikila mamotoka awili apite, anaoloka ndi kanthambi kawo, n'kukakasiya pa citsamba ca tsidya lina. Pobwela anatembenuza cimanga cawo cisanapse.

Pa zimene anacita amai aja pali zinthu ziwili zimene ndifuna muzisunge. Sanam'gwile ndi manja, cifukwa bilimankhwe akaona kamtengo amakwela yekha, ndipo kum'zula mwamphamvu pamene wagwila kumam'pweteka zala. Cinanso, anam'peleka kumene anali kupita. Apa m'pamene anthu a mtima wabwino amaphonya. Amatola kanyama n'kukabwezela kumene kacokela poona kuti kumeneko ndiye kufupi, kapena kuli udzu wabwino. Koma kanyamako kanali ndi cifukwa cake coolokela. Inu mukangokwela basi, iko kayambanso ulendo womwewo, ndipo ulendo uno palibe woona.

Lamulo lomweli ligwilanso kwa fulu, amene a kum'mawa amati kamba. Iye akaona ngozi amalowetsa mutu ndi miyendo m'cigoba n'kukhala phee pakati pa mseu. Kwa nkhandwe cigoba cimakwana, kwa thilaki ya simenti sicikwana. Mukam'peza, m'gwileni ndi manja awili m'mbali mwa cigoba, osam'tembenuza cagada, osam'kweza m'mwamba kuti anzanu aone. Fulu amasunga madzi m'thupi, ndipo akacita mantha amawataya onse. Anthu amaseka ati wandikodzela, koma m'mwezi wa October madzi amenewo ndiwo moyo wake. Muyende naye munsimunsi, mwamsanga, mukam'siye mamita angapo kucoka pa tala mutu utayang'ana kumene anali kupita. Samalani zala: pali mtundu wina wa fulu umene cigoba cake cimatsekeka kumbuyo monga citseko, ndipo cingakupanani. Palinso uja wa m'madzi, wa cigoba cophwatalala, amene amayenda kucoka pa thamanda kupita pa lina mvula ikagwa. Ameneyo amaluma ndithu, ndipo fungo limene amatulutsa lingacititse kuti kondakita akuuzeni kuti museluke. Kum'kankha ndi kathabwa kapena kum'nyamula pa katoni n'kokwanila.

Ndipo fulu si katundu wotola. Ndamvapo anthu akuti, "Nizam'tengela bana ku nyumba, azisewela naye." Pa yadi ya simenti, akudya makoko a kabichi, fulu amafa pang'onopang'ono. Amadziwa dela lake, kumene kuli madzi ndi pobisala, ndipo mukam'tengela kutali amangoyendayenda kufuna kwawo mpaka atakumana ndi mseu wina. Kusunga nyama ya m'thengo popanda cilolezo ni mlandunso pansi pa lamulo la nyama la 2015. Ngati mwapeza yovulala, kapena yacilendo monga nkaka, ija ya mamba imene imadzipinda ngati bola, uzani a Department of National Parks and Wildlife, amene likulu lawo lili ku Chilanga, kapena apolisi. Za nkaka musacite nazo masewela: anthu akhala akupatsidwa zaka zisanu m'ndende cifukwa copezeka nayo.

Manje tikambe za adalaiva, cifukwa ndidziwa kuti ena a inu mumawelenga danga lino podikila basi kudzala pa Kulima Tower kapena pa City Market. Ine sindidzauza dalaiva wonyamula anthu kuti akhotetse basi kapena aponde mabuleki mwadzidzidzi cifukwa ca cule. M'basi muli amai a pakati, muli ana a sukulu, kumbuyo kuli motoka ina imene yakumamatilani. Moyo wa munthu uli patsogolo, ndipo pamenepo palibe zokambilana. Ndidziwanso kuti mutu wanu uli pa kashing'i ya abwana, mafuta ndi apolisi a pamseu. Koma pali kusiyana pakati pa kulephela kupewa ndi kucita dala. Ku Canada, pa mseu wina wodutsa m'dambo la Long Point, ofufuza anaika njoka ndi afulu apulasitiki pa malo amene tayala silipita mwangozi, n'kubisala kuti aone. Anapeza kuti pafupifupi madalaiva atatu pa 100 alionse anali kukhotela dala kuti akaponde. Ine ndinakhalapo m'basi imene dalaiva anasiya mzele wake kuti akaponde njoka, anthu n'kuomba m'manja. Palibe anafunsa kuti cikanatulukila cimotoka pa kona paja tikanakhala kuti. Ngati mseu uli poyela ndipo mwaona fulu patali, kucotsa phazi pa mafuta n'kumulowetsa pakati pa matayala sikudya nthawi yokwana kupeleka chenji.

Pa njoka pokha ndiye ndikuti manja m'thumba. Madzulo tala imasunga kutentha ndipo njoka zimakonda kugonapo. Mphili sithawa, imangokhala, ndipo ni imodzi mwa njoka zimene zimaluma anthu ambili mu Africa muno. Pali ina imene imalavula ululu m'maso munthu ali patali. Njoka yopondedwa msana, yooneka ngati yafa, ikhoza kuluma. Thandizo limene mungaipatse ni kuima patali, kuletsa ana kuiponya miyala, ndi kuileka ipite. Zambili zimene timapha m'makomboni ni zija zofiilila za m'nyumba, zopanda ululu, zimene nchito yawo ni kudya makoswe. Tikazitha timayamba kudandaula kuti makoswe atha unga.

Nanga inu oyenda pansi? Musaiwale kuti mu Lusaka munthu woyenda ndi miyendo naye ni kanyama kang'ono pa mseu. Pa Kafue Road, pa Lumumba, pa Great East Road nthawi ya m'mawa, musayese n'komwe. Kumeneko ngakhale munthu wa miyendo iwili amaoloka atagwila mtima m'manja. Kanyama kali pakati pa mizele inayi ya mamotoka othamanga, kasiyeni. Malo othandizila ni miseu ya m'makomboni ndi ya kumalile kwa tauni, kumene mungaone patali mbali zonse ziwili. Usiku yatsani tochi ya pa foni kuti adalaiva akuoneni, ndipo ana asacite zimenezi okha. Cule mungam'tole mutavala pulasitiki ku dzanja. Sapatsa njelewele monga tinali kuuzidwa, koma khungu lake lili ndi madzi owawa amene safunika kufika m'maso kapena m'kamwa. Mukafika kunyumba sambani m'manja ndi sopo.

Kwina anthu anapita nazo patali. Ku Cape Town kuli mtundu wa cule wa mawanga ngati kambuku umene watsala pang'ono kutha, ndipo caka ciliconse ca mu August, pamene aculewo apita kukaswana, anthu ongodzipeleka amatuluka usiku mvula ikugwa, atavala zonyezimila, kukawaolotsa. Ku Britain amacita cimodzimodzi ndi mabaketi, ndipo ali ndi cikwangwani ca pamseu cojambulidwa cule. Ku Diani, m'mbali mwa nyanja ku Kenya, anamanga timilatho ta makwelelo pamwamba pa mseu kuti anyani aziolokela m'mwamba. Kumene anakumba tinjila ta pansi pa mseu anaphunzila kuti kanyama sikalowamo kokha, pafunika kampanda kokatsogolela ku khomo. Izi sizinandidabwitse. Ife amene tili ndi ma Grade 12 athu anatimangila mlatho pa UNZA ndi pa Manda Hill, koma mpaka lelo ena amalumpha cotchinga pakati pa mseu.

Kuno kwathu sitifunika kuyambila patali conco. Amene munapita ku pulaimale zaka zapitazo mukumbukila ma Chongololo Club, amene anayamba mu 1972, ndi pulogilamu yawo ya pa wailesi. Sanasankhe mkango kapena njovu kukhala dzina lawo. Anasankha congololo, kanthu kamene timaponda tsiku lililonse mvula ikagwa. Ena a madalaiva ndi makondakita a lelo anadutsa m'makalabu amenewo. Ndipo Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015 kum'mwela ca kum'mawa kwa mzinda, ili ndi mpanda wochinga mbidzi ndi nyumbu, koma tunyama tung'onotung'ono sitidziwa malile a paki. Nyumba zikamayandikila kumeneko, miseu ya kumeneko ndiyo idzakhala ndi nkhani zambili.

Pali msampha wina umene sitiuona cifukwa suli pa tala. Miseu yatsopano imene inamangidwa zaka zapitazi inabwela ndi ngalande za konkili, zakuya, za makoma osalala. Tinazifuna, ndipo tifuna zina zambili, cifukwa madzi olowa m'nyumba si nkhani yoseka. Koma yang'anani m'ngalande ya pa geti panu m'mawa mvula itagwa usiku. Mudzapeza acule, afinye, nthawi zina kafulu kang'ono, tukuyesa kukwela khoma n'kumatelela. Kanyama kangaoloke mseu bwinobwino n'kukathela mmenemo. Dzuwa likakwela konkili imatentha ngati ciwaya. Musalowetse dzanja m'madzi amenewo. Tonse tikumbukila January wa 2024, pamene Heroes Stadium inasanduka cipatala ca kolela. Fosholo kapena kathabwa n'zokwanila kutulutsa kanyamako. Musaunjikemo miyala kuti mupange masitepe, cifukwa ngalande yotsekeka ndiyo imabweletsa madzi m'nyumba za anzanu. Cimene cimathandiza ni kanthu kokhakhala kogona pa khoma, monga kacidutswa ka waya wa khola la nkhuku, komangilila zolimba pamwamba n'kufika pansi, kuti madzi azipita koma cule apeze pogwila. Ngati anyamata otola zitsulo sakakonda, kadzatha nyengo yonse. Ndipo a khansolo ndi makontilakita akamamanga ngalande zatsopano, kusiya kamalo kotsetseleka kokhakhala pa mtunda uliwonse sikungadye thumba la simenti. Kangathandizenso anapiye, tuagalu, ngakhale mwana amene wagwelamo.

Inu amene mukumanga ku Chongwe Road kapena ku Lusaka West, ndipo ndidziwa muli ambili m'mabasi muno amene mumasunga ndalama ya buloko imodzi imodzi, kambani ndi bilikileya wanu akafika pa mpanda. Amasiya kale tumabowo twa madzi a mvula munsi mwa khoma. Muuzeni akulitseko kamodzi kumbuyo kwa yadi, kukula kwake ngati theka la buloko, kumbali yoyang'ana kwa aneba osati ku mseu, mutamvana nawo. Mudzati nanga njoka? Njoka ikafuna kulowa imadzela pansi pa geti, kumene mpata ulipo kale. Bowo lotelo galu sapitapo, ndipo kawalala sangakwanepo pokhapo ngati nayenso ni finye.